Dimba la Pinyolo ndi Chipinda cha a Dona Teresa

Rosettenville, Joni
12 Marso 2023

Amake Dércia,

Landirani moni wa kuno. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu Dércia. Ine ndili bwino, kungoti mphuno sizinazolowere fumbi la mzinda uno. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mawu amathamangitsana ndi kiredito yoimbira, komanso foniyo ndi ya alamu a Nércio, ndipo tikamalankhula ndimamva kupuma kwawo pambali panu. Geraldo wa galimoto ya katundu uja wavomera kuti akatsitsa mitolo pa Ulongwe azifika ku Lifidzi n'kukupatsani makalata anga m'manja.

Ndalama zija zafika zonse, 15,000 metikali, ndipo posintha zakwana marandi 4,400. Ndikudziwa kumene zachokera. Dimba la malemu amayi anu si chinthu choti mkamwini ngati ine nditsegulirepo pakamwa, koma inu munanyamuka nokha kupita kwa a Feliciano ogula kachewere aja, n'kuliika pa pinyolo chifukwa cha ine. Ndinagwetsa misozi powerenga ndalamazo, sindikubisirani. Pangano lawo ndalimva: alimemo chaka chino, ndipo ndalama zikapanda kubwerera pofika Pasika wa chaka chamawa, dimba likhala lawo.

Tsono mtima ukhale pansi, ndikulongosolereni. Kuno sulowa m'nyumba ya renda usanasiye chikole kwa mwini wake, amati dipoziti, ndipo ife obwera amatiuza za miyezi iwiri. Imeneyi si renda ayi, mwini nyumba sadya. Imangogona kubanki, tsiku lotuluka amakubwezera yonse, ati ndi kachiwongoladzanja komwe. Pangano la chipinda changa ndi la chaka chimodzi, litha kumapeto kwa Fevereiro. Mwaona? Pasika asanafike ndalama zidzakhala zili m'manja mwa a Feliciano. Muwauze alamu aleke kukutafunani. Kugalaja kuja tinkagona amuna khumi, nsapato zanga za ntchito zinapita ndili m'tulo, sindikanapitiriza.

Mwini nyumba ndi mayi wachikulire wachizungu, a Dona Teresa, obadwira ku Madeira. Atamva Chipwitikizi changa cha kwa a padiri anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Chipindacho chili kuseri kwa nyumba yawo. Tsiku lolowa kunabwera mwana wawo, a Rogério, ndi pepala m'manja. Akuti, "Zungulira monse, unene chilichonse chowonongeka ndilembe."

Amake Dércia, taganizani. Mayi wamkulu ataima pakhomo pomwepo akumwetulira, atandimwetsa kale khofi ndi mkate, ine ndiyambe kuloza chala kuti zenera lanu ndi losweka, sinki yanu ndi yong'aluka, chitseko chanu chawola kumunsi? Kodi ndinakulira kutchire? Ndinayankha kuti, "Zonse zili bwino, bwana." Anandiyang'ana n'kufunsanso, "Watsimikiza?" Ine ndinati, "Nyumba yabwino kwambiri." Analemba, ndinasayina. A Dona anaseka n'kunena kuti anthu a ku Tete ndi aulemu.

Nyemba musathamangire kugulitsa, ogula a nthawi ino ndi akuba. Mudikire Junyo. Dércia asajombe kusukulu chifukwa cha mvula, pulasitiki ija ilipo.

Ine mwamuna wanu,
Tarsisio


Rosettenville
25 Junyo 2023

Amake Dércia,

Moni. Yanu ija ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha mwana chatha. Ine ndilipo, msana wokha ndiwo ukuyamba mwano.

Munafunsa za ntchito. Musekeni mwamuna wanu: ndinasiya kachewere kwathu kudzanyamula kachewere ku Joni. Ndimatsitsa matumba pa msika waukulu wa ndiwo, kuyambira mbandakucha. Wa kuno ndi wamkulu ngati chibakera koma m'kamwa ndi madzi okhaokha, sangaime pafupi ndi wa m'dimba mwathu. Anzanga ndikawauza zimenezi amati a ku Angónia timadzimva.

Kuzizira kwa kuno kwaposa kwathu. Mphepo imalowera pa zenera losweka lija, ndamatapo katoni. A Dona anaona katoniyo n'kupukusa mutu, akuti, "Zenera limenelo analiswa amene analimo kale. Rogério adzakonza." Ine ndinati palibe vuto, mayi. Munthuyu amandisunga ngati mwana wake. Lamlungu lililonse amanditumizira supu wa kabichi, ine ndimawasesera pabwalo, ndawakonzeranso geti lawo limene linkalira ngati mbuzi.

Mwalemba kuti masiku ano popita kuchigayo mumazungulira njira ya kutchalitchi kuti musaone anthu a Feliciano m'dimba. Mawu amenewo andilasa. Ndimakumbukira mmene amayi anu ankakhalira pamzere wa kumtunda uja akusankha mbewu, n'kumandinena kuti ndimalima ngati ndikuthamangitsidwa. Piriraniko pang'ono, miyezi ikuyenda.

Ndatumiza bulangete limodzi, juzi ya Dércia ndi marandi 700. Ndinafuna kutumiza zoposa apa, koma mwezi watha ndinakumana ndi anyamata a yunifomu pa kona, tinacheza pang'ono za mapepala anga, thumba linapepuka. Si nkhani yoti mudandaule nayo. Pa ndalamazo mupatuleko za makope, zotsala mugule mchere, sopo ndi mafuta. Ndimati ndiziika kena pambali kuti tiwombole dimba msanga osadikira dipoziti, koma mwezi uno sizinatheke.

Mundiperekere moni kwa alamu, ngakhale sandibwezera.

Ine mwamuna wanu,
Tarsisio


Rosettenville
29 Outubro 2023

Amake Dércia,

Ndikupatsani moni ndi mtima wolemera. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino.

Ndachedwa kulemba chifukwa ndinalibe choika mu envulopu, ndipo kalata yopanda kanthu imandichititsa manyazi. Kumsika atichepetsera masiku, tikugwira atatu pa sabata. Renda ikachoka pamatsala zogulira ufa basi. Ndatumiza marandi 900 a adubu, feteleza wa chimanga. Ndikudziwa kuti sakwana thumba lathunthu, mugule wa pa kilo, muthire kumunda wa kumtunda kokha kumene chimanga chimamvera.

A Dona anagwa m'bafa mwezi watha, anathyoka chiuno. Atatuluka m'chipatala mwana wawo anawatengera kwake. Nyumba yaikuluyo ili zii, makatani otseka, ndipo Lamlungu ndimadzipeza ndikuyang'ana kukhomo lawo ngati supu abwera. Mvula yayamba, ndipo denga la chipinda changa likudontha pakona. Ndatchera ndowa. A Rogério amabwera kudzatenga renda nkhope ili yotopa, maso ofiira. Ndingayambe bwanji kuwadandaulira za denga mayi awo ali gone? Ndimangofunsa za odwala n'kuwaperekeza kugeti.

Zimene alamu a Nércio analankhula pa maliro a ku Fonte Boa zandipeza, Geraldo sasunga kanthu m'mimba. Akuti mkamwini wadya dimba la eni ake, wakagona nalo pa matiresi ku Joni. Akanabwera adzaone matiresiwo! Komabe sindikuwatsutsa kwambiri, dimbalo ndi la mbumba yawo, iwo ndi nkhoswe. Chondipweteka n'choti mawu amenewo amagwera inu, pomwe ine ndili kutali. Musawayankhe. Muwauze kuti ndalama zili kubanki, ndinaona ndi maso anga pa pangano.

Khirisimasi sindibwera. Masiku a mu pasipoti anandithera, ndipo kutuluka n'kulowanso kukufuna ndalama zimene ndilibe. Dércia mumuuze kuti bambo ake abwera ndi Pasika, ndipo sadzabwereranso kuno.

Ine mwamuna wanu,
Tarsisio


Rosettenville
21 Janeiro 2024

Amake Dércia,

Moni wa chaka chatsopano. Ndamva kuti chimanga chamera bwino, Mulungu alemekezeke. Ine ndili bwino ndithu, ngakhale msana ukuseka nane masiku ano.

A Dona Teresa anatisiya Khirisimasi itatsala pang'ono. Ndinapita ku misa yawo, ndinaima kumbuyo ndi jekete lobwereka. Maliro a kuno ndi ozizira, amake Dércia, anthu ochepa, osagona pa siwa, palibe wolira mokweza. Ndinawalira ine mumtima ngati amayi anga.

Koma lero ndalemba nkhani yabwino. Ndawauza a Rogério kuti pangano likatha kumapeto kwa Fevereiro ndituluka, ndipo avomera, akuti nawonso akufuna kugulitsa nyumbayo. Akuti tsiku lotuluka tidzayendera chipinda limodzi, kenako ndalama zitsatira pasanathe masabata awiri. Ndawerengera bwino, mpata ulipo wambiri. Ndayamba kale kukwecha makoma ndi pansi pomwe, ndikufuna akachipeze chowala kuposa mmene anandipatsira. Ndagulanso babu latsopano.

Pitani kwa a Feliciano mukawauze kuti akakolola zawo asabzalenso kanthu. Mupite ndi alamu kuti amve ndi makutu awo. Muyambenso kufunsa mbewu ya kachewere kwa amake Otília, ija yofiira khungu, tidzawabwezera tikakolola. Ndikufuna tidzayambire mzere wa kumtunda. Ine ndidzatsala kuno mwezi umodzi kugalaja kuja kuti ndipeze ya ulendo, koma dipoziti idzatsogola ndi Geraldo.

Ndalota ndikuthirira inu mukundikalipira kuti ndikuononga madzi. Ndadzuka ndikuseka ndekha.

Ine mwamuna wanu,
Tarsisio


Turffontein
3 Marso 2024

Amake Dércia,

Moni. Ndili moyo. Kalatayi muwerenge muli nokha.

Chipinda ndatuluka Lachinayi, ndabwerera kugalaja. A Rogério anabwera monga tinapanganira, ali ndi foni yojambulira ndi pepala lija la tsiku lolowa. Ine ndinaima pakhomo monyadira, pansi pakuwala. Sanayang'ane pansi n'komwe. Analunjika pa zenera n'kuchotsa katoni.

"Ili bwanji?"

"Ndinalipeza chomwecho, bwana."

Anajambula. Anapita pa sinki, anajambula. Anagwada pa chitseko, anajambula. Kenako anakweza maso kudenga.

"Ili lakhala likudontha kuyambira liti?"

"Outubro, bwana."

"Osandiuza? Likanakhala lata limodzi lokha. Taona siling'i yonse yawola."

Ndinati amayi anu ankadwala, sindinafune kukuwonjezerani mavuto. Ndinatinso zenera, sinki ndi chitseko zinali choncho kale, ndipo a Dona ankadziwa. Anatambasula pepala lija n'kuloza pansi pake.

"Dzina ili ndi la ndani?"

"Langa."

"Ndinakufunsa kawiri, Tarsisio. Unati zonse zili bwino."

"Unali ulemu chabe, bwana. Kwathu munthu akakulandira suyamba kumuwerengera zosweka za m'nyumba mwake."

Anapumira m'mwamba. Akuti, "Mwina ukunena zoona. Ine m'chipinda muno sindinkalowa, ankadziwa ndi amayi, ndipo amayi kulibe. Nyumbayi tsopano ndi ya anthu atatu, alongo anga akufuna pepala pa chilichonse. Pepala limene ndili nalo ndi ili."

Akanakalipa mwina ndikanapeza mphamvu yokalipa nanenso. Koma amalankhula mofatsa, mpaka kundigwira paphewa. Akuti aitana amisiri, adzachotsa zokonzera pa dipoziti, chotsala adzandipatsa pamodzi ndi malisiti. Ndinawafunsa kuti chingatsale chingati, anati sakudziwa. Ndipo mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawathokoza. Pakamwa panga panatuluka zikomo, manja onse awiri ndikupereka kiyi.

Sindikudziwa kuti ndikuuzeni chiyani. Mwina amisiriwo sadula kwambiri, galasi ndi galasi basi. Alamu musawauze kaye. Ndikuopa, amake Dércia, chakudya sichikulowa.

Ine mwamuna wanu,
Tarsisio


Turffontein
17 Marso 2024

Amake Dércia,

Moni kwa inu ndi mwana. Yanu yaifupi ija ndaiona. Mwafunsa funso limodzi lokha, ndiye ndiyankha lomwelo.

Zatsala marandi 360. Ndi zimenezo mu envulopumu. Malisiti anandipatsa onse, wa galasi, wa sinki yatsopano, wa chitseko, wa siling'i. Ndawawerenga mobwerezabwereza kufuna pamene alakwitsa, palibe. Chiwongoladzanja chija anaikapodi, chili momwemo.

Sindinakhale manja lende. Mnzanga wina wa ku Dedza anandilozera ofesi ya boma imene imamva milandu ya eni nyumba ndi okhalamo, ndipo salipiritsa. Ndinapita, pasipoti yakufa ili m'thumba. Mayi amene ndinamupeza anandimvetsera bwino. Anafunsa ngati ndinajambula zithunzi tsiku lolowa, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinalemberapo mwini nyumba uthenga wa zenera kapena denga, ndinati ayi. Anafunsa mboni, ndinati ili kumanda. Anati ndili ndi ufulu wodandaula ndithu, koma mlandu sungalowe mwezi uno kapena wamawa. Ndinamuuza za Pasika, anangondiyang'ana mwachisoni.

Ndayenda kwa anzanga onse a kwathu. Aliyense ali ndi dimba lake limene likumira. Wa katapira akufuna pasipoti yamoyo ngati chikole. Foni ndagulitsa, koma ndalama yake yathera pa malo ogona kugalaja kuno.

Ndikukupemphani, pitani kwa a Feliciano ndi zochepazi. Muwagwire mwendo, atipatse mpaka Agosto, ngakhale awonjezere 5,000 metikali pamwamba. Muwakumbutse kuti ine ndi iwo tinakulira limodzi ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, tinabwerera pa lole imodzi. Alamu muwauze tsopano, amve kwa inu asanamve kwa Geraldo. Chilichonse chimene anganene za ine musanditeteze.

Inácia mkazi wanga, ndikhululukireni.

Ine mwamuna wanu,
Tarsisio


Turffontein
28 Abril 2024

Amake Dércia,

Ndikupatsani moni, kaya muulandira. Ndikhulupirira mwana ali bwino. Za thupi langa tisakambe.

Geraldo wabwera maulendo awiri opanda kalata yanu. Ulendo woyamba anati sanakupezeni. Dzulo ndinamukakamira mpaka anakhala pansi pa tayala n'kuvula chipewa. Akuti a Feliciano anakana, anati pangano ndi pangano ndipo mbewu anagula kale. Akuti Lolemba la pambuyo pa Pasika anabwera ndi mboni n'kukhoma zikhomo m'malire. Akutinso alamu a Nércio anatenga njinga yanga, khasu ndi sutikesi n'kukazitula kwa amayi anga, ndipo inu simunalankhule kanthu.

Zimenezo ndinazimva ndili chiimire. Chimene chinandikhazika pansi ndi china. Ndinamufunsa kuti nanga amake Dércia unawaona? Anayang'ana kumbali. Akuti, "Achimwene, ndinawaona. Ndikudutsa pa kamlatho ndinaona anthu a ganyu akuunda mizere m'dimba lija. Wachitatu kuchokera kumtsinje anali alamu, akazi anu. Ndinaliza hutala, onse anadzutsa mitu, iwo okha anaweramiratu. Kalata yanu ndinapatsa Dércia."

Ganyu, Inácia? M'dimba la amayi anu? Ndikudziwa kuti chimanga cha kumtunda sichinachite bwino ndi adubu wochepa uja, ndipo mwana ayenera kudya. Sindikukudzudzulani, ndilibe pakamwa. Koma chiyambire dzulo ndikatseka maso ndikuonani mukulandira malipiro a tsiku kwa a Feliciano pamalo pamene munaphunzirira kugwira khasu, ndipo mtima wanga ukusweka. Lero kumsika ndinalephera kunyamula thumba, kapitawo anandibweza.

Mlandu uja andipatsa tsiku mu Julayi. Sindikudziwa ngati ndidikire. Ngakhale atandibwezera zonse, a Feliciano sadzazula zikhomo.

Ya ulendo ndatsala pang'ono kukwanitsa, ndipo Geraldo akuti andinyamula pamwamba pa katundu mwezi wamawa. Kobwerera ndiye sindikudziwa. Katundu wanga ali kwa amayi, ndamva tanthauzo lake, ndipo sindidzalimbana ndi alamu. Koma sindinamve kuchokera kwa inu. Ndiye ndili ndi pempho limodzi. Mukawafunse a Feliciano ngati akufuna munthu wina wa ganyu. Dimbalo ndimalidziwa, pamene madzi amaima ndi pamene amathawa. Andilembe pa mtengo uliwonse, bola andipatse mzere woyandikana ndi wanu. Simukuyenera kundilankhula, ndizingolima.

Mukavomera, muuzeni Geraldo mawu amodzi okha. Akabweranso wopanda mawu, sindidzamufunsa.

Ine,
Tarsisio